Kadiso ka Galimoto Yanga ndi Ukwati wa Taonga

Tinanyamuka ku Kanyama cha m'ma naini m'mawa, Loweruka lina kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho, ndipo fumbi la m'komboni mwathu linali litafika poti ukaseka limakulowa m'mano. Ulendo unali wa ku Mtendere, mbali ina ya Lusaka, kumene Taonga, mwana wa mlongo wanga, amakamanga ukwati ndi mnyamata wake Yotamu. Abusa anali atachenjeza kale kuti masana ali ndi ukwati wina, wochedwa adziwa yekha chochita. Mayi ake a Taonga, atsikana operekeza ndi akwaya anatsogola pa minibasi ya hayala. Ine ndinatsala ndi mkwatibwi mwini wake, amene diresi lake linadzaza mpando wonse wakumbuyo, ndi azakhali ake, amayi Esinati, amene anakhala pambali panga.

Amayi Esinati ndi mlongo wa malemu bambo ake a Taonga. Mlamu wangayo atamwalira, iwo ndi amene anagulitsa tomato pamsika wa Soweto mpaka mwanayo anamaliza sukulu, choncho mawu awo m'banjamo salumphidwa. Taonga anali atanena poyera kuti sadzaponda m'tchalitchi azakhali ake atatsala panja. Vuto linali lakuti amayiwo sanamukonde Yotamu chiyambire. Ati amaseka kwambiri, ati kutchalitchi kwawo amapemphera monong'ona ngati kumwamba kuli wodwala. Kuwonjezera apo, sabata yomweyo anali atalota msewu wotsekedwa ndi khoma, ndipo malotowo anawafotokozera aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya magetsi.

Tsopano ndikuuzeni za galimoto. Ine ndine Tembo, wowotcherera mageti ndi mawindo. Nditatopa ndi kupanikizidwa m'maminibasi, ndinagula galimoto yaing'ono yoyendapo kale yochokera ku Japan. Kutsogolo kwake, pamwamba pa nambala, pali kagalasi kakuda kosaposa bokosi la machesi. Wogulitsa anandiuza kuti kameneko ndi diso la leyiza. Kamaponya kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kuwalako kukagunda chinthu n'kubwerera msanga, galimoto imadziwa kuti patsogolo pali chinthu, n'kuponda yokha mabuleki ngati ukuyenda pang'onopang'ono. Nditaonera pafoni magalimoto akunja oyenda opanda dalaivala, ndinapeza kuti nawonso amadalira diso la mtundu womwewo, kungoti lawo lili padenga ndipo limazungulira. Kuyambira tsiku limenelo anthu a ku Kanyama sanamwe madzi. Ndinkaika katoni pamsewu kutsogolo kwa shopu yanga, n'kuilunjika, galimoto n'kuima yokha, anthu n'kuwomba m'manja. Zoti tsiku lina inaimira utsi wa mayi wootcha chimanga sindinauze munthu.

Titangodutsa pakiyosiki ya madzi, pomwe msewu uli miyala yokhayokha moti woyenda pansi amakupitirira akukupatsa moni, kamvulumvulu wamkulu anadzuka pabwalo la mpira. Anatola fumbi, mapepala ndi mapulasitiki n'kudzavina pakati pa msewu kutsogolo kwathu. Galimoto inalira pi-pi-pi n'kuima njii. Chipewa cha amayi Esinati chinakagunda galasi.

"Mwaimilila chani, ba mulamu?"

"Si ine, ni motoka. Yaona fumbi."

"Fumbi? Kuyambila kunyumba tili mu fumbi, siinaime. Yaona vamene vili mukati mwa fumbi."

Ndinayesa kufotokoza kuti fumbi likachuluka pamalo amodzi, kuwala kuja kumagunda tizinthu tambirimbiri n'kubwerera ngati kwagunda khoma. Mawu akuti khoma ndi amene anandiwonongera mlandu. Amayiwo anacheukira Taonga, Taonga anayang'ana pansi. Kenaka anatsika ndi chikwama chawo, ati akapemphere. Ine ndinathamangira riboni ya ukwati yomwe mphepo inazula pachitseko cha galimoto, ndipo pobwera ndinawapeza atawerama kutsogolo kwa galimoto akumalizira ameni. Ndinaganiza kuti akuwerenga nambala.

Cha m'ma teni tinali titadutsa m'mbali mwa Chibolya ndipo tinalowa m'chipwirikiti cha ku Soweto. Amene sanayendepo pamenepo Loweruka asadzitame kuti amadziwa kuleza mtima. Mawilibala a kabichi, amayi osenza matumba a anyezi, maminibasi oima mopingasa, zonse zimalimbirana kamsewu kamodzi. Kutsogolo kwathu kunali lole ya makala yomwe inkatiwaza fumbi lakuda ikangogwedezeka. Apa galimoto yanga inayamba khalidwe latsopano. Mpata ukatseguka ine n'kuponda mafuta, inkalira n'kukana ngati mbuzi yopita kumsika. Ndikaponda monyengerera inkakwawa pang'ono, kenaka n'kuliranso. Anyamata oitanira minibasi anatizungulira.

"Ba bosi, mwagula motoka ya manyazi?" anafunsa wina, akusuzumira pawindo. Ataona Taonga anavula kapusi. "Ba sisita, bwelani mukwele yathu. Mtendere ni fifitini kwacha chabe. Koma dilesi izalipila mipando itatu."

Ndinakumbukira kuti wogulitsa uja anatchulapo batani lozimitsira kadiso, koma tsiku limenelo ndinali wotanganidwa ndi kununkhiza mipando. Mabatani m'galimotomo ndi ambiri, ndipo zolemba zake n'za Chijapani. Ndinayamba kudina limodzilimodzi. Magalasi am'mbali anapinda makutu. Mayi wina wa m'wailesi anandilankhula mwaulemu kwambiri m'chinenero chake. Kadiso kanapitiriza kulira. Patapita kanthawi ndinaona amayi Esinati akusunthasuntha pampando.

"Ba mulamu, nimvela moto."

"Ni zuba, ba mulamu. Lelo kwapya."

"Zuba siichokela pansi."

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kwawo kwa galimotoyi kumazizira kwambiri, choncho anaika zotenthetsa m'mipando, ndipo limodzi mwa mabatani aja linali la zimenezo. Koma panthawiyo ndinangopitiriza kudina mabatani. Amayiwo anatsikanso, pakati pa mahutala onse aja, n'kukawerama kutsogolo. Sindinaone zomwe ankachita chifukwa foni inalira. Anali Yotamu.

"Ba Ankolo, muli kuti?"

"Tili pafupi, mwana wanga."

"Pafupi na kuti?"

"Pafupi na Soweto."

Kumbuyo kwake ndinamva kwaya ikuyeserera. Ndinamumvera chisoni, ngakhale kuti ine ndi iye tinali titakanganapo pa nkhani ya suti. Mnyamatayu anasankha suti yoyera mbee, nsapato zoyera, tayi yoyera. Ndinamulangiza kuti mwamuna amakwatira atavala zakuda, zoyerazo asiyire ogulitsa ayisikirimu, koma iye anangoseka monga mwa nthawi zonse.

Titawoloka njanji n'kulowa mumsewu waukulu wa Independence, zinthu zinasintha. Kadiso kaja kamagwira ntchito pa liwiro laling'ono lokha, ndiye nditangothamanga kanakhala chete. Mitengo ya maluwa ofiira inali itayaka m'mbali mwa msewu, nyenje zikulira, ndipo kum'mawa mitambo inali itada bii. Amayi Esinati, amene tsopano anali atakhalira chikwama chawo pothawa moto wa pampando, anati, "Mwaona pemphelo?" Ndinavomera, poti mtendere m'galimoto ndinkaufuna kuposa kupambana. Taonga anaseka koyamba chinyamukire, ndipo ndinaona pagalasi akukonza nsalu yake yakumutu.

Kalingalinga tinafika itadutsa leveni. Kumeneko anzanga a ntchito yanga amayala mageti ndi mafelemu m'mbali mwa msewu, ndipo ndinali nditayamba kuwerenga zolakwa zawo, poti ena amawotcherera ngati akumata ndi phala, pamene mphepo yotsogolera mvula inafika. Inanyamula fumbi lonse la chilimwe, utuchi wa akalipentala ndi masamba, n'kutiponyera kumaso. Ndinachepetsa liwiro pa hampu. Galimoto inalira, inaima, ndipo nditaponda mafuta inakana.

"Katatu," anatero amayi Esinati, mosakweza mawu. "Mulungu sakamba kanayi. Tibwelele."

Ndinayembekeza kuti Taonga atsutsa, chifukwa ndi mtsikana wophunzira ndipo katoni ija anaionapo ndi maso ake. Koma anati, "Ba Ankolo, imikani pambali." Nditakwawira pambali pa kashedi ka mayi wogulitsa chikanda, chakudya cha mizu ndi nsinjiro chija, ndinacheuka. Misozi inali itayamba kujambula mizere paufa wa kumaso kwake. "Nanga ngati ni zoona, ba Ankolo? Nanga ngati ba Dadi ndiye bakana?" Apa nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, osati a mfiti, koma akuti ukwati wa mwanayu uthera pahampu ya ku Kalingalinga chifukwa cha galimoto yomwe ndinkadzitama nayo.

Ndinatsika n'kupita kutsogolo. Kadiso sikankaoneka n'komwe. Pamalo pake panali chiphala chakuda chonata, cha fumbi, makala ndi utuchi, chokhuthala ngati chitumbuwa chogwera mumchenga. Nditachikhudza chala chinatuluka chonyezimira.

"Ba tate, mwenze kukazinga chani pa motoka?" anafunsa mayi wa chikanda uja.

Amayi Esinati sanabise. Anatulutsa m'chikwama kabotolo ka mafuta odzozera odwala, kamene anakatenga kumapemphero, katatsala theka. "Liso yodwala timaizoza," anatero. "Nazoza ku Kanyama, nazoza pa Soweto. Sembe si ine sembe tikali kuja."

"Ba mulamu, mafuta yagwila fumbi. Mwaimangila khoma pa liso pamene. Manje kulikonse kwamene iyangana, iona khoma."

"Nanga poyamba paja, nikalibe kuika mafuta, inaimilila chani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze za kamvulumvulu, koma ndinadziwa kuti kwa iwo kamvulumvuluyo ndi mboni ya mbali yawo. Pomwepo dontho loyamba linagwa pamalata a kashedi, lachiwiri pamphuno panga, kenaka kumwamba kunang'ambika.

Mvula yoyamba ya ku Lusaka siibwera mwaulemu. M'kanthawi kochepa msewu unasanduka mtsinje wofiira, ndipo fungo la dothi linakwera lomwe limakumbutsa munthu kumudzi ngakhale atabadwira m'komboni. Kuyenda kunali kosatheka, poti ngakhale maso anga sankaona tsidya la msewu. Pafoni paja ndinamvanso kuti magalimoto odziyendetsa okha nawo amavutika mumvula yamphamvu ndi m'nkhungu, chifukwa madontho amabweza kuwala n'kumwaza kwina, diso n'kumaona chinsalu m'malo mwa msewu. Ndiye ngati akuluakulu akewo amagonja, yanga ya bokosi la machesi ikanatani? Ndinagula chikanda cha faifi kwacha, chothira tsabola wambiri, n'kudya chiimire. Mayiyo anandibwereka sopo wotsukira mbale ndi kansanza, ndipo ndinagwada m'madzi ndi suti yanga n'kutsuka kadiso mpaka kanawala.

Pobwerera m'galimoto ndinapeza amayi Esinati atasamukira kumbuyo, atadzipanikiza pakati pa chitseko ndi diresi, atagwira dzanja la Taonga. Sanandione n'komwe.

"Atate bako banakusiya mu manja mwanga," ankatero. "Pa chipatala paja banakamba ati, Esinati, uyu mwana. Basi, mau yanathela pamene apo. Nikakupeleka kolakwika, nizabayankha chani?"

"Yotamu ni munthu wabwino, ba Anti."

"Bonse bamankhala babwino pa siku ya ukwati. Wanga naye enze wabwino."

Ndinali ndisanawamvepo akutchula mwamuna wawo, amene anapita ku Kitwe kukafuna ntchito kalekale n'kuiwala njira yobwerera. Mkwiyo wanga wa mafuta uja unatha. Kuti ndiwalimbitse mtima ndinati kadiso tsopano kayera, mphepo yaleka, fumbi lagona, palibenso chifukwa choti galimoto iime. Ndikanadziwa ndikanadya chikanda china n'kutseka pakamwa.

"Mwamvela ba Ankolo bako," anatero amayiwo. "Chifukwa kulibe manje. Ikaimilila futi yeka, ndiye kuti si fumbi, si mafuta. Tizabwelela, ndipo siuzanipasa mulandu. Wavomela?"

Taonga anandiyang'ana, ine amene ndinali nditangolumbira kumene. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Mvula inaleka mwadzidzidzi monga mmene inayambira, ndipo tinanyamuka dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Kuchokera ku Kalingalinga kukafika ku Mtendere si patali, koma sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Ndikanathamanga, kadiso kakanagona, koma msewu unali madzi ndi maenje. Ndikamayenda pang'onopang'ono, kanali maso. Dzuwa litatuluka, nthunzi inayamba kufuka patala wotentha, ndipo kamtambo kalikonse ndinkakazemba ngati wapolisi. Minibasi ikamabwera kutsogolo ndinkaima ndekha msanga kuti isatiwaze madzi, n'kulengeza mokweza kuti, "Apa naima nine." Chodabwitsa n'chakuti diso lomwe linkaopa fumbi silinkaona chithaphwi, poti kuwala kukagwa pamadzi kumaterereka osabwerera. Tinagwera m'dzenje lofika pachitseko, galimoto osalira ngakhale kamodzi. Foni ya Yotamu inali itasiya kupezeka.

Mawindo anali otseka, chifukwa amayi Esinati analetsa kutsegula poopa matope padiresi. Mpando wopanda munthu uja unkapitiriza kuphika, suti yanga yonyowa ikufuka, ndipo galasi lakutsogolo linachita nkhungu moti ndinkaonera pakampata komwe ndinapukuta ndi chikhatho. Titakhotera m'kanjira ka kutchalitchi, ndinayamba kumva ng'oma ya kwaya, ndipo mtima unayamba kutsika. Pomwepo amayiwo anati kumbuyo, "Ba mulamu, iyi njila ndiye yamene ninalota." Ndinatembenuza mutu kuti ndiwayankhe.

Pi-pi-pi. Galimoto inaima mwamphamvu kuposa maulendo onse aja, mpaka chifuwa changa chinagunda chiwongolero.

Amayi Esinati anati, "Basi." Taonga anatulutsa kamawu kamene sindikufuna kudzakamvanso pamoyo wanga. Ine ndinatenga tayi n'kupukuta galasi, ndili wokonzeka kutukwana nthunzi, nkhuku kapena pulasitiki.

Kutsogolo kunali Yotamu, manja onse awiri ali pa boneti, mawondo ake atatsala chikhatho chimodzi kuti akhudze nambala. Anali atatulukira mothamanga kuseri kwa minibasi ya hayala ija, yomwe inaima m'mbali mwa kanjirako. Suti inali itamumatirira pathupi, thalauza lofiira ndi matope mpaka m'mawondo, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Koma jekete linali loyerabe mbee, ndipo chinthu choyera ndi chimene chimabweza bwino kuwala kuja, pomwe chakuda chimakumeza. Akanamvera malangizo anga a suti yakuda, sindikudziwa ngati kadiso kakanamuona msanga chotero.

Amayi Esinati anatsitsa windo n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusokosi.

"Iwe, wenze kuti?"

"Nenze kusakila Taonga, ba Anti. Nafika mpaka ku maketi kabili. Nenze naganiza kapena mwagwela mu ngalande. Foni yamwa manzi."

"Mu mvula yonse ija?"

"Ee, ba Anti." Ndipo anaseka, mano akugundana ndi kuzizira.

Kenaka Taonga, amene sanaphunzire kunama ngakhale pomwe bodza likanamuthandiza, anati ndi mawu aang'ono, "Ba Anti, yaimilila yeka."

"Naona kuti yaimilila. Nili na menso." Amayiwo anakhala kanthawi akuyang'anabe phazi la sokosi lija. Kenaka anamasula chitenje chomwe anafunda pamapewa n'kuphimba nacho Taonga kumutu. "Iwe Yotamu, ulibe mwambo? Ufuna kuona mukazi mukalibe kungena mu chechi? Tsogola. Yenda pakati pa njila kuti motoka izikuona bwino."

Umu ndi mmene tinafikira pa tchalitchi: mkwati patsogolo akutsimphina ndi nsapato imodzi, galimoto pambuyo pake ikukwawa mwaulemu, ine ndikusunga mpata waukulu kuti isalirenso. Amayi a ku Mtendere anayamba nthungululu poganiza kuti ndi sitayilo yatsopano ya ku Kanyama. Anthu a ukwati wachiwiri anali atayamba kale kusonkhana pageti. Abusa anayang'ana wotchi, anayang'ana phazi la Yotamu, n'kutsegula buku. Atafunsa amene akupereka mwanayu, amayi Esinati anaimirira ine ndisanasunthe n'komwe, ndipo mawu awo anamveka mpaka panja.

Kumadyerero anauza tebulo lililonse kuti mafuta awo ndi amene anatsegula diso la galimoto. Sindinatsutse. Zomwe ndinaphunzira pa ulendowu ndi zochepa: kadiso kaja kamafuna kupukutidwa m'mawa uliwonse, sikagwirizana ndi fumbi, utsi, mvula kapena madalitso amadzimadzi, ndipo amene akulota magalimoto oyenda okha m'misewu yathu ayambe abwera adzaone Kanyama mu Novembala. Komabe tsiku lonse ndinkaitukwana galimotoyo kuti ikuona zinthu zomwe kulibe, ndipo pamene panali munthu weniweni, ine ndi amene ndinali nditayang'ana kumbuyo.

Lolemba lake ndinapita kwa wogulitsa uja, ndipo anandionetsa mabatani onse awiri. La mpando ndinazimitsa pomwepo. La kadiso lili pansi pa chiwongolero, kudzanja lamanja, ndipo mpaka lero sindinalikhudzepo.